Tisiye mabuku tiyambe kulemba pafoni? Yankho kwa mlembi wa kopaletivi

Funso lachokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza m'boma la Mchinji. Akuti: "Tikamagula mbewu kwa mamembala timalemba m'mabuku a hadikava ndi pa mafomu a pepala. Nthawi yogawana ndalama ikafika pamabuka mikangano, chifukwa manambala a m'buku langa sagwirizana ndi a msungichuma, ndipo mapepala ena amasowa. Achinyamata a m'gulu lathu akuti titaye mabukuwa tiyambe kulemba pa fomu ya pafoni. A wapampando akukana, akuti za pafoni sizigwirika ndi manja. Ine ndili pakati. Chabwino n'chiti?"

Mayi mlembi, zikomo pofunsa. Ndakhala zaka zambiri ndikukonza mafomu ndi kuyendera makaundula m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'magulu a alimi, ndipo mkangano ngati wanuwu ndaupeza malo ambiri. Langizo langa ndi lakuti buku musalitaye chaka chino, komanso achinyamatawo musawatseke pakamwa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, kungoti palibe yomwe yakhudza pachilonda. Chilondacho mwachitchula nokha: manambala anu sagwirizana ndi a msungichuma. Ndiye kuti thumba limodzi la soya likulembedwa malo awiri, ndi anthu awiri, pa nthawi zosiyana. Mukabweretsa foni zinthu zili chonchi, malo osagwirizana adzakhala atatu.

Tiyambire pa sikelo, poti m'pamene manambala amabadwira. Ndinaimapo tsiku lonse pamalo ogulira mtedza a gulu lina. Dzuwa lili paliwombo, njinga ndi ngolo zili pamzere, mnyamata wokweza matumba thukuta lili kamukamu. Woyeza akufuula kuti "48 ndi hafu!", kalaliki akulemba pa chidutswa cha katoni ya sopo, poti buku analisiya kunyumba kuopa fumbi. Madzulo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukopera m'buku. 48.5 ija inasanduka 45.8. Dzina la mayi wina linadumphidwa chifukwa katoni inali itang'ambika pakona. Msungichuma nayenso anali atalemba zakezake m'kope la mwana wasukulu potengera ndalama zomwe anapereka. Tsiku limenelo panalibe wakuba aliyense, komatu patapita miyezi inayi anthu anatsala pang'ono kugwirana m'khosi, ndipo kalaliki uja anachoka m'gululo ndi dzina loipa lomwe silinali lake.

Choncho lamulo loyamba ndi ili: nambala ilembedwe kamodzi, pa sikelo pomwepo, mwini mbewu akuona. Gulani mabuku a malisiti okhala ndi makope atatu, aja oika kaboni pakati kapena aja odzidinda okha, ndipo onetsetsani kuti lisiti iliyonse ili ndi nambala yosindikizidwa kale. Pepala lapamwamba apite nalo mlimi, lachiwiri lipite kwa msungichuma, lachitatu litsale m'buku. Msungichuma asalipire munthu popanda pepala lachiwirilo, ndipo inu musalembe chilichonse m'kaundula chomwe sichinachokere pa lachitatu. Mabuku anu awiri aja adzagwirizana chifukwa onse akumwa pa chitsime chimodzi. Manambala osindikizidwawo ndiwo mlonda wanu pa nkhani ya mapepala osowa. Mukaona lisiti 0146 kenaka 0148, mudziwa tsiku lomwelo kuti 0147 yapita kwina, ndipo mufunsa anthu asanabalalike. Lisiti yolakwika isang'ambidwe. Ikhwatcheni mzere wopingasa, lembanipo kuti "yalakwika", makope onse atatu atsale m'buku.

Tsopano fomu yeniyeniyo. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa mafomu ambiri amene ndawaona amalephera asanafike n'komwe m'manja mwa wolemba.

Dzina lokha silokwanira kuzindikira munthu. M'gulu la ku Mchinji simungalephere kupeza a Banda angapo ndi a Phiri angapo, ena ofanana ndi dzina loyamba lomwe. Mayi mmodzi yemweyo lero alembetsa dzina la bambo ake, sabata yamawa la amuna ake, tsiku lina atuma mwana amene anena kuti "ndi za amayi a Chikondi". M'buku muoneka anthu atatu. Patsani membala aliyense nambala yake yosasintha, ilembedwe pa kakhadi koti azisunga, ndipo pa lisiti pazikhala nambalayo pamodzi ndi dzina ndi mudzi. Nambala ya chiphaso cha unzika muilembe kamodzi kokha m'kaundula wa mamembala, osati pa lisiti iliyonse.

Muyeso ukhale umodzi. Wina akalemba "matumba 3", wina "ndowa 7", wina "150", powonkhetsa mudzalira. Pamwamba pa ndimeyo pasindikizidwe kuti makilogalamu, ndipo gwirizanani pamsonkhano ngati mukuchotsera kulemera kwa thumba lopanda kanthu kapena ayi. Ndime ya kulemera, ya mtengo pa kilogalamu, ndi ya ndalama zonse zikhale zosiyana, kuti wina aliyense athe kuchulukitsa yekha n'kuona ngati zikugwirizana. Bokosi losiyidwa lopanda kanthu ndi msampha: kodi munthuyu sanabweze ngongole ya mbewu, kapena kalaliki anaiwala kulemba? Ngati palibe chomwe wabweza, palembedwe 0. Mabokosi akhale aakulu moti munthu wa zala zozolowera khasu alembemo bwinobwino, ndipo mawu akhale a Chichewa chomwe mamembala amayankhula. Funso lililonse lomwe simudzagwiritsa ntchito yankho lake lichotseni. Ndinaonapo fomu yogulira mbewu yofunsa chipembedzo cha mlimi ndi chiwerengero cha nkhuku zake, chifukwa choti inakoperedwa pa fomu ya kafukufuku wina. Kalaliki akatopa ndi mafunso opanda pake amayamba kulemba za m'mutu mwake, ndipo chizolowezicho chimafika ndi pa ndime zofunika zomwe.

Za kufufuta, dziko lonse linaphunzira kale. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo zina mwa zomwe linapeza zinali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex. Nambala ikaphimbidwa, ngakhale wophimbayo anali ndi mtima wabwino, palibe angatsimikize chomwe chinali pansi. M'buku lanu musalowe Tippex kapena labala, ndipo pensulo isagwiritsidwe ntchito. Mukalakwitsa, dulani kamzere kamodzi koti nambala yakale iziwerengekabe, lembani yolondola pambali, musayinepo inu ndi mboni.

Zonsezi n'zofunika ngakhale mutasamukira pafoni mawa, chifukwa fomu ya pafoni imamangidwa potengera ya papepala. Mafunso osokonekera akalowa m'foni amasokonezabe, kungoti tsopano amaoneka aukhondo.

Nanga achinyamata aja akulondola pati? Akulondola pa zinthu zitatu zomwe pepala silingathe. Pepala siliwonkhetsa. Inu mukudziwa usiku umene mumagona mochedwa ndi kakyuleta, kuwonkhetsa tsamba limodzi katatu n'kupeza mayankho atatu. Pepala silikana bodza: mukalemba kuti thumba limodzi lalemera makilogalamu 485, lingolandira, pamene fomu ya pafoni yokonzedwa bwino ikana nambala yopitirira malire omwe mwaika, ikananso kupita patsogolo ngati nambala ya membala sinalembedwe, ndipo imasunga yokha tsiku ndi nthawi. Chachitatu, buku limakhala limodzi. Chiswe chikalowa m'katoni, denga likadontha, nyumba ikapsa, zatha. Namondwe wa Freddy atagwa m'Malichi 2023, madzi ndi matope zinakokolola nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo buku lomwe linali m'nyumba yotero silikanapulumuka. Zomwe zatumizidwa pa intaneti zimakhalapobe ngakhale foni itamira.

Boma lenilenilo linaona ubwino umenewu. Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu Sepitembala 2018, a National Statistical Office anapatsa owerenga anthu matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala, ndipo patangopita miyezi yochepa dziko linadziwa kuti tinalipo oposa 17.5 miliyoni. Mu 2017 a National Registration Bureau analembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo pa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, pojambula nkhope ndi zidindo za zala pa makina. Ntchito ngati imeneyo papepala ikanatenga zaka.

Koma walira mvula walira matope. Kumbuyo kwa matabuleti a boma aja kunali maphunziro, akatswiri okonza zikawonongeka, zotchajira, ndi ndalama. Gulu lanu lidzifunse moona mtima: foni ndi ya ndani? Itchajidwa kuti tsiku lomwe anthu ali pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa? Bandulo agula ndani mwezi ndi mwezi? Magetsi a ESCOM si odalirika nthawi zonse ngakhale kwa amene ali nawo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tikukumbukira mdima wake. Sola yaing'ono ndi pawabanki ziyenera kulowa mu bajeti musanayambe.

Choopsa kwambiri kuposa batire ndi munthu mmodzi. Ndinafika ku gulu lina lomwe bungwe lina linalipatsa tabuleti. Zinayenda bwino nyengo zingapo. Pulojekiti itatha, zinadziwika kuti akaunti yomwe zolembedwa zonse zinkapita inatsegulidwa pa imelo ya mlangizi wa bungwelo, amene anali atapeza ntchito kwina. Mnyamata yemwe ankadziwa pasiwedi ya tabuleti anali atapita ku Johannesburg. Tabuleti inali m'kabati itakulungidwa bwino m'nsalu, yatsopanotsopano, koma mbiri ya ngongole za mamembala inali itatsekeka m'kati. Mabuku anali atawasiya kalekale. Ndinawamvera chisoni kwambiri amayi aja, chifukwa anachita zonse zomwe anauzidwa.

Apa ndiye pali mfundo ya a wapampando, ndipo ndikupempha achinyamata aimvetsere osaseka. Akamati za pafoni sizigwirika ndi manja, akunena za umboni. Agogo amene abweretsa matumba awiri a mtedza pa njinga yobwereka, akabwerera kunyumba chimanjamanja, nambala yawo ili m'foni ya munthu wina, mawa adzatsutsa ndi chiyani? Wogwira foni ndiye wagwira mphamvu zonse. Nambala ya pakompyuta ikasinthidwa sipatsala chipsera chooneka ndi maso ngati chija cha Tippex, pokhapokha pulogalamuyo ikhale yosunga mbiri ya amene wasintha, komanso pakhale wina woyang'ana mbiriyo.

Onani m'mene azachipatala anachitira, chifukwa kwa ine ndicho chitsanzo chabwino koposa chomwe tili nacho kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe panayambika makompyuta ongodina pagalasi, ntchito yomwe inadziwika ndi dzina la Baobab Health Trust, ndipo pambuyo pake inafalikira m'zipatala zambiri zopereka mankhwala a ma ARV. Okonza makinawo sanauze odwala kuti atsanzikane nalo buku la kuchipatala lija aliyense amanyamula. Anaika kamakina kosindikiza timapepala tomata. Wodwala akafika, kalaliki amadina pagalasi, kapepala kokhala ndi dzina ndi timizere towerengedwa ndi makina kamatuluka, n'kumatidwa m'buku lake. Chipatala chimasunga zake m'kompyuta, wodwala amapita ndi zake m'thumba. Akapita ku chipatala china chopanda kompyuta, adokotala atsegula buku n'kuwerenga. Momwemonso malipoti a pamwezi: zipatala zambiri zazing'ono zimalemba m'makaundula a pepala, n'kuwonkhetsa pa fomu ya lipoti, kenaka manambalawo amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa ku University of Oslo m'dziko la Norway ndipo unduna wa zaumoyo umaigwiritsa ntchito. Pepala limagwira ntchito pamene pali munthu, kompyuta imagwira pamene pali kuwonkhetsa ndi kusunga. Koma azachipatala omwewo angakuuzeni kuwawa kwa kulemba chinthu chimodzi kawiri, m'kaundula ndi m'makina, namwino ali yekha odwala ali mbwee panja. N'chifukwa chake kulemba pawiri kuyenera kukhala kwa nthawi yodziwika, yoyesera, osati mpaka kalekale.

Ndiye muchite chiyani nyengo ikubwerayi? Konzani lisiti ndi kaundula monga ndafotokozera. Kenaka yambani ndi chinthu chosafuna ndalama zambiri: madzulo aliwonse, tsamba lililonse lomwe lalembedwa tsikulo lijambulidwe pafoni, pamalo owala, manambala akuoneka bwino, n'kutumizidwa pa WhatsApp kwa anthu atatu a mukomiti. Kuyambira tsiku limenelo buku lanu silikhalanso limodzi, ndipo wofuna kusintha nambala usiku adziwa kuti chithunzi cha dzulo chilipo.

Apatseni achinyamata awiri ntchito yolowetsa malisiti onse pa fomu ya pafoni. Pali mapulogalamu oyenera malo ngati anu. KoboToolbox ndi ODK Collect zimagwira ntchito pa foni za Android popanda netiweki: mumadzaza fomu kumudzi, imasungika m'foni, n'kudzatumizika mukafika pomwe netiweki ikugwira. Gulu laling'ono ngati lanu lingayambe pa KoboToolbox osalipira. Google Forms ndi yosavuta kupanga, koma imafuna intaneti nthawi yomwe mukudzaza, choncho pa sikelo ya kumudzi ingakusiyeni pamphambano. Ngati pali wina wodziwa Excel, tsamba limodzi lokonzedwa bwino likhoza kukwanira. Chenjerani ndi wobwera ndi pulogalamu yokongola yomwe sangakuonetseni njira yotulutsiramo zolembedwa zanu zonse tsiku lomwe mwafuna kuisiya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mufunseni funso limenelo poyamba, asanakuonetseni china chilichonse.

Loweruka lililonse khalani pansi inu, msungichuma ndi achinyamata aja. Wonkhetsani makilogalamu ndi ndalama za m'buku, yerekezani ndi za pafoni. Zikasiyana, bwererani ku lisiti, chifukwa nyengo yoyambayi pepala losayinidwa ndi mlimi ndilo likhale ndi mawu omaliza, ndipo zimenezi zilembedwe m'maminitsi aliyense adziwe. Mudzadabwa kuti nthawi zina wolakwa ndi foni, nthawi zina ndi buku. Mukamaliza nyengo yonse zikugwirizana, mukhoza kusiya kukopera m'kaundula wa hadikava n'kumadalira wa pafoni, bola kumapeto kwa mwezi uliwonse musindikize ndandanda yonse, isayinidwe, iikidwe m'fayilo. Lisiti ya mlimi yokha isadzachoke. Mukadzaganiza zogula kamakina kosindikiza malisiti kolumikiza ku foni, dziwani kuti pepala lake ndi lofanana ndi lija la m'masitolo akuluakulu, lomwe zilembo zimazilala likakhala padzuwa kapena m'thumba la malaya. Kwa mlimi wodikira malipiro miyezi ingapo, lisiti ya cholembera ndi kaboni imakhalitsa kuposa imeneyo.

Akaunti itsegulidwe pa imelo ya kopaletivi, osati ya munthu. Mukudziwa m'mene a banki m'khonde amachitira ndi bokosi lawo: maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, bokosilo kwa wachinayi. Tengerani pomwepo. Pasiwedi yaikulu ilembedwe, iikidwe mu envelopu yomata, isungidwe m'malo omwe komiti yagwirizana, ndipo isinthidwe wina akachoka paudindo. Olowetsa manambala akhale ndi chilolezo chongotumiza, chosintha zomwe zatumizidwa kale chikhale ndi munthu wina, ndipo asasinthe popanda mboni.

Pali nkhani ina yomwe simunafunse koma sindingaisiye. Zomwe mukulembazi ndi za anthu: mayina, manambala a foni, manambala a ziphaso, ngongole zawo. Ndinagulapo mandasi pamsika wina atakulungidwa m'pepala lomwe linali fomu ya gulu linalake, mayina ndi ndalama zomwe aliyense anakongola zikuoneka bwinobwino pansi pa mafuta. Mafomu akale omwe ntchito yake yatha awotchedwe pamaso pa komiti, asapite kumsika. Pafoni chiopsezo chake chimakula, poti chithunzi chimodzi chimafika kwa anthu mazana pa mphindi imodzi. Zithunzi za masamba zija zipite kwa atatu a mukomiti okha, osati pa gulu la WhatsApp la mamembala onse, ndipo zithunzi za ziphaso za unzika zisamangoyendayenda. Akuba a pa Airtel Money ndi Mpamba amakhulupirika msanga akaimba foni akudziwa kale dzina la munthu, mudzi wake, ndi ndalama zomwe akuyembekezera. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, ndipo mzimu wake ndi wakuti mutenge zokhazo zomwe mukufunikira, muwauze eni ake chifukwa chake, ndipo muzisamale. Foni yosungira zinthu za gulu ikhale yokiya ndi nambala yachinsinsi, isakhale yomwe ana amaonerapo makanema madzulo.

Pamsonkhano wotsatira, musayambe ndi funso lakuti buku kapena foni, chifukwa anthu agawikana pomwepo. Tengani buku la malisiti la makope atatu, kaboni, ndi thumba limodzi la soya. Itanani agogo mmodzi amene sadziwa kuwerenga, muyeze thumbalo pamaso pa onse, woyeza atchule kulemera mokweza, kalaliki alembe, wina awerenge zomwe zalembedwa mokwezanso, agogowo adinde chala, alandire pepala lawo. Kenaka mnyamata alowetse lisiti yomweyo pafoni, ayese dala kulemba 485 m'malo mwa 48.5, anthu aone foni ikukana. A wapampando apatsidwe foniyo m'manja ayese okha. Mabuku a malisitiwo muwagule ndi kuwadinda chidindo cha kopaletivi mwezi wa Malichi usanathe, soya asanayambe kufika pa sikelo.